Duwa la Maliro Pachifuwa cha Wandale

Mwezi wa Okutobala ukamapita kumapeto, andale a ku Britain amayamba kuoneka ndi kaduwa kofiira pachifuwa. Nduna yaikulu imakavala, mtsogoleri wa chipani chotsutsa amakavala, aphungu a m'nyumba ya malamulo ya ku Westminster amakavala, ndipo aliyense wokalankhula pa wailesi yakanema amayamba waona ngati kaduwako kakhala bwino pajekete. Kaduwa kameneka ndi popi, chizindikiro chokumbukira asilikali amene adafera kunkhondo. Kuno kwathu nakonso timakadziwa, poti chaka ndi chaka mu Novembala atsogoleri athu amakavala popita kukaika nkhata za maluwa pa zipilala za ku Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. Kodi wandale akavala duwali amakhala akulira anthu akufa, kapena akuwerengera mavoti a anthu amoyo? Maganizo anga ndi akuti popi ndi duwa la maliro komanso kalata ya ngongole, koma andale ambiri adalisandutsa nsalu ya chipani. Amalivala kuti aoneke, amakwapulira nalo anzawo, ndipo amabisira nalo zochita zawo, pamene ngongole imene duwalo limakumbutsa ili chikhalire osabwezedwa.

Tiyambe ndi kumene duwali lidachokera. M'nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, minda ya ku Flanders m'dziko la Belgium ndi ya kumpoto kwa France idatipulidwa ndi mabomba mpaka kusanduka matope okhaokha. Chomera chimene chidaphuka pakati pa manda a asilikali chidali popi, chifukwa njere zake zimagona m'nthaka zaka zambiri ndipo zimamera dothi likatembenuzidwa. Dotolo wa asilikali a ku Canada, John McCrae, adaona maluwawo m'chaka cha 1915 atangotaya mnzake, ndipo adalemba ndakatulo yotchedwa In Flanders Fields. Mayi wina wa ku America, Moina Michael, atawerenga ndakatuloyo mu Novembala 1918 adalonjeza kuti azivala duwalo. Mayi wa ku France, Anna Guérin, ndiye adafalitsa nzeru yopanga maluwa ansalu ndi kuwagulitsa kuti ndalama zake zithandize anthu amene nkhondo idawasiya pamavuto. Bungwe la asilikali opuma la British Legion lidakhazikitsidwa mu 1921 ndipo chaka chomwecho lidagulitsa mapopi ake oyamba. Chaka chotsatira Major George Howson adatsegula fakitale yopanga maluwawa mumzinda wa London, nalembamo ntchito asilikali amene adabwera kunkhondo ali olumala.

Apa pali mfundo imene andale sakonda kuitchula m'zolankhula zawo. N'chifukwa chiyani padafunika kugulitsa maluwa m'misewu kuti msilikali wopanda mwendo adye? Nkhondo itangotha, nduna yaikulu David Lloyd George idapita kukapempha mavoti m'chisankho cha Disembala 1918 ndi lonjezo lakuti idzamanga dziko loyenera kukhalamo ngwazi. Patangopita zaka ziwiri kapena zitatu, ambiri mwa ngwazizo adali paulova, ena akugulitsa machesi m'mbali mwa misewu atapachika mamendulo awo pachifuwa. Choncho popi adabadwa chifukwa chakuti wandale adalonjeza osachita. Duwa lililonse logulitsidwa lidali umboni wakuti boma lalephera kusamala anthu amene lidawatuma kukafa. N'zodabwitsa kuti chinthu chimene chidayamba ngati chidzudzulo kwa olamula lero ndicho chovala chimene olamulawo amadzikometsera nacho.

Njira yoyamba imene andale amadyera duwali ndi yongofuna kuoneka. Mu Novembala 2015, ofesi ya nduna yaikulu David Cameron idaika pa Facebook chithunzi cha mkuluyu atavala popi. Anthu atachiyang'anitsitsa adazindikira kuti chidali chithunzi chakale, ndipo duwalo lidachita kumatidwapo ndi kompyuta. Chithunzicho chidachotsedwa msanga anthu atayamba kuseka. Nkhaniyi ndi yaing'ono, koma imaulula zambiri. Amene adamata duwalo ankadziwa kuti chofunika m'ndale si chimene chili mumtima mwa bwana wawo koma chimene diso la wovota lione. Kwathu kuno tikadati ndi munthu wopaka malovu m'masaya kuti anamfedwa ayese misozi.

Njira yachiwiri ndi yoipa kuposa yoyambayi, chifukwa duwa limasanduka mkwapulo. Chaka chilichonse, Lamulungu lachiwiri la mwezi wa Novembala, atsogoleri a ku Britain amasonkhana pa chipilala cha Cenotaph mumsewu wa Whitehall. Mwambowu ndi wa mphindi ziwiri za chete, koma nyuzipepala zokonda chipani china zimabwera ndi diso lofufuza cholakwa pa mtsogoleri wa chipani chinzake. Mu 1981 Michael Foot, mtsogoleri wa chipani cha Labour, adanyozedwa dziko lonse ati chifukwa chikhothi chimene adavala chidali ngati cha munthu wokumba misewu, ndipo chitonzocho chidamutsatira mpaka imfa yake. Mu 2015 nyuzipepala ya The Sun idaika patsamba loyamba nkhani yakuti Jeremy Corbyn sadaweramitse mutu mokwanira poika nkhata yake. Taganizani, awerengi, anthu akuluakulu kumayeza kuti khosi la mnzawo lapindika motani, pamwambo wokumbukira anyamata amene adang'ambidwa ndi zipolopolo! M'mikangano yonseyi palibe amene adatchula dzina la msilikali ngakhale mmodzi. Maliro adangokhala bwalo lomenyerana.

Mkwapulo umenewu sukwapula andale okha. Ukangoyamba kuvomerezeka pamwamba, umatsikira kwa anthu wamba. Mu 2006 Jon Snow, wowerenga nkhani pa kanema ya Channel 4, adakana kuvala popi powerenga nkhani, ndipo adadandaula kuti kwabuka nkhanza yokakamiza aliyense kuvala duwali. Wosewera mpira James McClean wakhala akutukwanidwa m'mabwalo a masewero ndi kuopsezedwa kuti aphedwa kuyambira 2012 chifukwa chokana kuvala jezi yosokereredwa popi. McClean kwawo ndi ku Derry, ku Northern Ireland, kumene asilikali a Britain adawombera anthu ochita zionetsero opanda zida pa 30 Januwale 1972, ndipo anthu 13 adafa tsiku lomwelo. Iye adalongosola kuti duwali likadakhala la akufa a nkhondo ziwiri zikuluzikulu zokha akadalivala, koma poti limakumbukira nkhondo zonse za asilikali a Britain, sangathe kulivala anthu a kwawo akuona. Munthu akhoza kutsutsana naye maganizo, koma sangakane kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ifenso Amalawi tili ndi tsiku la 3 Malichi 1959, pamene asilikali a boma la atsamunda adawombera anthu padoko la Nkhata Bay, ndiye sitingavutike kumvetsa kuti yunifolomu imodzi ikhoza kukhala ulemu kwa wina, kwa wina n'kukhala chilonda. Wandale amene amati wosavala duwa ndi mdani wa dziko amakhala akupondereza ufulu womwewo umene amati asilikaliwo adaufera.

Njira yachitatu ndi yobisala kuseri kwa akufa. Mu 2009 Nick Griffin, mtsogoleri wa chipani chosankha mitundu cha British National Party, ankayenda ndi baji ya popi pajekete pochita kampeni, mpaka bungwe la Royal British Legion lidamulembera kalata poyera kumupempha kuti aleke kuvala chizindikirocho. Nthawi imeneyo malamulo a chipani chakecho sankalola munthu wakuda kapena Mmwenye kukhala membala, chonsecho asilikali a ku India, a ku Africa ndi a ku zilumba za Caribbean adafera mbendera yomweyo imene iye ankati akuiteteza. Chaka chomwecho chipanichi chidaika chithunzi cha ndege yankhondo ya Spitfire pa zikalata zake zokopera anthu, uku chikudana ndi alendo ochokera kum'mawa kwa Ulaya. Odziwa mbiri atayang'ana zilembo za pandegeyo adapeza kuti idali ya gulu la oyendetsa ndege a ku Poland amene adathandiza kuteteza Britain mu 1940. Umu ndi mmene zimathera munthu akamakonda chizindikiro koma mbiri yake osaidziwa.

Komatu tisaganize kuti khalidweli ndi la zipani zing'onozing'ono za chidani zokha. Boma la Tony Blair lidatumiza asilikali ku Iraq mu 2003 ponena kuti dzikolo lili ndi zida zoopsa zopha anthu ambiri, zida zimene sizidapezeke. Asilikali 179 a Britain adafera komweko, osawerengera anthu a ku Iraq amene adafa miyandamiyanda. M'zaka zimenezo, aliyense wofunsa ngati nkhondoyo idali yoyenera ankayankhidwa kuti alemekeze anyamata amene ali kunkhondo. Kulemekeza msilikali ndi kuvomereza chiganizo cha amene adamutuma zidaphatikizidwa dala kuti zioneke ngati chinthu chimodzi. N'chifukwa chake Harry Leslie Smith, nkhalamba imene idatumikira m'gulu la asilikali a ndege pa nkhondo yachiwiri, adalemba m'nyuzipepala ya The Guardian mu Novembala 2013 kuti chaka chimenecho chidali chomaliza kwa iye kuvala popi, chifukwa andale adalanda mwambowo n'kumaugwiritsa ntchito pokometsera nkhondo zatsopano. Galu wamkota sakandira pachabe. Mwini maliro akafika povula duwa lake, ndiye kuti alendo aonjeza.

Amene akufuna kuona kumene njira imeneyi imathera ayang'ane ku Russia. Dziko la Soviet Union lidataya anthu pafupifupi 27 miliyoni pa nkhondo yachiwiri, ndipo palibe angakane kuti chisoni chawo ndi chenicheni. Mu 2005, pokumbukira zaka 60 chithere nkhondoyo, kudayamba mwambo wogawa kansalu ka mizere yakuda ndi yachikasu chofiirira kotchedwa riboni ya George Woyera. Poyamba kadali kokumbukira agogo. Pofika 2014 kadali kali pamikono ya zigawenga zothandizidwa ndi Russia kum'mawa kwa Ukraine, moti dziko la Ukraine lidakaletsa mu 2017. Mu 2022, boma la Vladimir Putin litalowa m'dziko la Ukraine ndi nkhondo, mitundu ya kansaluko idagwiritsidwa ntchito pojambula chilembo cha Z, chizindikiro cha nkhondo yatsopanoyo. Misozi yolirira agogo idasanduka mafuta otumizira adzukulu kumanda. Britain sadafike pamenepo, koma msewu wake ndi womwewo: choyamba chizindikiro chimakakamizidwa, kenaka chimakhala muyeso wa kukonda dziko, potsiriza chimatseka pakamwa aliyense wofunsa mafunso.

Wina anganene kuti ndikuweruza mitima ya anthu imene sindingaione, ndiponso kuti mtsogoleri wa dziko sangachitire mwina koma kupezeka pamwambo wotere atavala duwa. Zoonadi, alipo andale amene adakhalapo asilikali kapena adataya abale awo kunkhondo, ndipo chisoni chawo sitingachikayike. N'zoonanso kuti malonda a popi amabweretsa mapaundi mamiliyoni ambiri chaka chilichonse, ndalama zimene zimathandiza asilikali opuma ndi mabanja awo. Mayi wamasiye amene amagula duwa lake pakhomo la sitolo, navala mwakachetechete pokumbukira mwamuna wake, sakulakwira munthu. Duwalo palokha lilibe mlandu. Ndipo n'chifukwa chakuti sitingaone mumtima mwa wandale kuti tiyenera kumuyeza ndi zimene tingathe kuziona: bajeti imene adavomereza, nkhondo imene adaivotera, ndi ngongole zimene adabweza kapena kuzikana. Pa muyeso umenewu ndi pomwe nkhaniyi ikutikhudza ife a kuno.

Nkhondo ya 1914 siidamenyedwe ku Ulaya kokha. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen idaphwanya sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa nyanja yathu yomweyi, ndipo pa 9 Seputembala chaka chomwecho kudali nkhondo ku Karonga. Makolo athu adaitcha nkhondo ya Chiwaya. Wolemba mbiri Melvin Page, amene adacheza ndi nkhalamba zambiri zimene zidaiona nkhondoyo, adawerengera kuti amuna a ku Nyasaland pafupifupi 19,000 adalowa usilikali, ndipo ena pafupifupi 200,000 adagwidwa kukhala amtengatenga. Amenewa ankasenza ufa, zipolopolo ndi katundu wa azungu mitunda italiitali, mvula ikuwavumba, chakudya chili chochepa, ndipo ambiri adafa ndi kamwazi, malungo ndi njala. John Chilembwe adaliona tsokali likubwera. Mu Novembala 1914 adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti pa nthawi ya mtendere munthu wakuda sawerengedwa, koma nkhondo ikabuka ndiye amaitanidwa kukakhetsa magazi, kusiya amasiye ndi ana osowa pogwira, pa mkangano umene suli wake. Pa nkhondo yachiwiri anyamata athu a m'gulu la King's African Rifles adapitanso ku Somaliland, Abyssinia, Madagascar mpaka ku nkhalango za Burma. Magule a malipenga ndi beni amene timavina lero, ndi mayunifolomu ake ndi maudindo ake ausilikali, ndi chipsera cha zaka zimenezo.

Nanga anthu amenewa adakumbukiridwa bwanji ndi boma limene atsogoleri ake amavala popi chaka ndi chaka? Mu 2019 atolankhani adatulutsa chikalata cha m'nkhokwe za boma la Britain chosonyeza kuti nkhondo yachiwiri itatha, msilikali wamba wachizungu ankalandira ndalama yothokozera ya masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene adatumikira, pamene msilikali wakuda wa udindo womwewo ankalandira masheleni atatu ndi theka. Mu Epulo 2021 bungwe losamala manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission lidavomera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso kufika 350,000, ambiri a iwo a ku Africa, amene adafa pa nkhondo yoyamba, sadakumbukiridwe ndi maina awo, ndipo ena sadakumbukiridwe n'komwe. Lipotilo lidanena mosabisa kuti chifukwa chake chidali tsankho la mtundu. Nduna ya zachitetezo ya nthawiyo, Ben Wallace, idapepesa m'nyumba ya malamulo. Kupepesako n'kwabwino, koma kudabwera patapita zaka zoposa 100. Zaka zonsezo andale ankaima pa Cenotaph ndi maluwa pachifuwa, akulumbira kuti sadzaiwala, chonsecho mtengatenga wa ku Dedza kapena ku Mulanje adagona m'tchire la ku Tanganyika popanda ngakhale mwala wolembedwa dzina lake. Munthu sangaiwale amene sadamuwerengepo chiyambire.

Tisathamangire kuloza chala kutsidya kwa nyanja ngati kuti kuno zili bwino. Ife tidatengera mwambo wa popi kwa atsamunda, ndipo matenda ake tidatengera limodzi. Sabata ya popi ikafika, mtsogoleri wa dziko amagula duwa loyamba atolankhani akujambula, ndipo chimene chimamveka pa wailesi ndi kuchuluka kwa ndalama zimene bwana wapereka. Nkhalamba zochepa zimatengedwa kuchokera ku nyumba zawo za ku Zomba, n'kuzikhazika pamzere wakutsogolo ndi mamendulo awo kuti chithunzi chikome. Mwambo ukatha magalimoto amanyamuka, nkhata zimafota padzuwa, ndipo za nkhalambazo timadzamvanso Novembala winayo. Ku Area 18 mumzinda wa Lilongwe, patsogolo pa nsanja yokumbukira ofera kunkhondo, boma la Bingu wa Mutharika lidaimika chiboliboli cha Dr Hastings Kamuzu Banda mu 2009, chaka cha chisankho. Kamuzu ali ndi malo ake m'mbiri ya dziko lino, koma sadali msilikali. Pa nkhondo yachiwiri adali dotolo ku Britain. Mlendo wofika pamalopo amayamba waona wandale, asilikali n'kubwera pambuyo. Izi siziyenera kutidabwitsa, poti ndife anthu amene tidazolowera kuona andale akufika pamaliro ndi nsalu za chipani, kulanda mwambo kwa anamfedwa, n'kusandutsa mawu achipepeso kukhala msonkhano wa kampeni.

Ndipo nkhaniyi si ya makedzana okha. Asilikali athu adalondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ndipo ena sadabwerere. Mu Novembala 2018 asilikali a Malawi angapo adaphedwa pafupi ndi Beni m'dziko la Democratic Republic of Congo ali pantchito yosungitsa mtendere. Mmodzi wa iwo, Private Chancy Chitete, adawomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene adavulala, ndipo mu 2019 bungwe la United Nations lidamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne, imene imaperekedwa kwa osungitsa mtendere oonetsa kulimba mtima kwapadera. Mu Januwale 2025 asilikali athu atatu adaferanso kum'mawa kwa dziko lomwelo. Aliyense wa amenewa adasiya anthu amene amadya, amadwala ndipo amafuna fizi ya sukulu miyezi yonse 12 ya chaka. Phungu amene amavala popi mu Novembala ali ndi mphamvu yofunsa m'nyumba ya malamulo kuti asilikali akutumizidwa kunja ndi zida zotani, kuti chipukutamisozi chimafika liti kwa mkazi wamasiye, ndiponso kuti penshoni ya msilikali wopuma ikugula chiyani pamsika lero. Ngati sadafunsepo mafunso amenewa, duwa lake ndi lokongoletsa jekete basi.

Sindikunena kuti tileke kuvala popi, kapena kuti atsogoleri asamapite ku zipilala. Akulu adati maliro n'kulirana, ndipo dziko losalira akufa ake ndi dziko lopanda mutu. Chimene ndikunena n'chakuti duwali libwerere kwa eni ake. Pamwambo wa Novembala wandale akhale chete ngati wina aliyense, mpata woyankhula upite kwa msilikali wopuma, kwa mayi wamasiye, kapena kwa mwana wasukulu wowerenga maina a akufa a m'boma lake. Amene sadavale duwa asafunsidwe chifukwa, poti chisoni sachita kulamula. Ndipo ife alembi tili ndi gawo lathu. Mnyamata amene adalowa usilikali ali ndi zaka 18 mu 1945 lero akuyandikira zaka 100, ndiye kuti mboni za nkhondo yachiwiri zatsala pang'ono kutheratu. Koma m'midzi mwathu mudakali ana ndi adzukulu amene amadziwa dzina la agogo awo amene adatengedwa ndi mtengatenga osabwerera, kapena amene adabwera ku Burma ali chete mpaka imfa. Maina amenewo tiwalembe m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chilhomwe, asadapite ndi eni ake. Tikatero, wandale akadzaimirira ndi duwa lake n'kunena kuti sitidzawaiwala, tidzakhala ndi pomufunsira kuti atchule mmodzi yekha, ndi kuti anene chimene boma lake lawachitira ana ake.